Nyengo yozizira kumapiri a Maloti ndi Drakensberg: mafunso ndi mayankho kwa ofuna ski ndi kukwera mapiri

Ikangofika Meyi, anthu akwathu okhala ku Joni, ku Pretoria ndi ku Durban amayamba kufunsana za ulendo wa ku Lesotho. Ena amafuna kuphunzira ski, masewera otsetsereka pa chipale utavala timatabwa titalititali kumapazi, ena amangofuna kuti ana akagwire chipale chofewa ndi manja awo, enanso ndi okonda kukwera mapiri. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwera kawirikawiri, ndipo ambiri akukhudza nyengo, chifukwa kumapiri amenewa nyengo ndiyo imalamula tsiku lonyamuka, msewu wodzera ndi zovala zotenga.

Kodi ski imachitikadi kum'mwera kwa Africa kuno?

Inde. Malo odziwika kwambiri ndi Afriski, m'mapiri a Maloti kumpoto kwa Lesotho, m'boma la Butha-Buthe. Malowa ali pamwamba mamita oposa 3,000 kuchokera pa nyanja yamchere, m'munsi mwa Mahlasela Pass, pamene msewu wa A1 umakwera kupitirira mamita 3,200. Mtsetse waukulu ndi wotalika pafupifupi kilomita imodzi, ndipo pambali pali kamtsetse ka ophunzira. Kuchokera ku Johannesburg ndi ulendo wa maola 4 ndi theka kapena 5 msewu ukakhala wabwino. Ku Eastern Cape, pafupi ndi katauni ka Rhodes, kuli Tiffindell, malo enanso a ski, paphiri la Ben Macdhui, yomwe inatsegulidwa mu 1993, koma inatsekedwa nthawi ya mliri wa Covid-19, choncho musalowere kumeneko musanafunse.

Musayembekezere mapiri oyera mbee mbali zonse. Masiku ambiri a Juni ndi Julayi mapiri a Maloti amakhala a udzu wouma wofiirira, kumwamba kuli ngwee, ndipo chipale chimaoneka mzere umodzi wokha wotsika paphiri, ngati ufa woyanika pamphasa pakati pa bwalo. Ena amakhumudwa akaona zimenezi. Ine ndimaona kuti kukongola kwa malowa kuli pomwepo, ndipo amene wadziwiratu sakhumudwa.

Nyengo yake imayamba liti, imatha liti?

Kuyambira Juni mpaka kumapeto kwa Ogasiti. Kuzizira kwenikweni kumafika kumapeto kwa Juni ndi mwezi wonse wa Julayi. Ndi nthawi yomweyonso imene sukulu za ku South Africa zimatsekera, ndiye anthu amachuluka ndipo malo ogona amatha msanga. Amene alibe ana a sukulu angachite bwino kupita pakati pa sabata kumayambiriro kwa Ogasiti.

Kodi a zanyengo angatiuziretu kuti chaka chino kugwa chipale chochuluka?

Ayi, osati momwe ambirife timafunira. Bungwe la South African Weather Service limatulutsa mwezi ndi mwezi ulosi wa nyengo ya miyezi ikubwerayo, wotchedwa Seasonal Climate Watch. Ulosi umenewu umanena ngati mvula ikuyembekezeka kuchuluka kapena kuchepa poyerekeza ndi zaka zambiri, komanso ngati kutenthe kapena kuzizire kuposa nthawi zonse, ndipo umaphatikiza miyezi itatuitatu pamodzi. Sunena kuti Loweruka lachiwiri la Julayi kudzagwa chipale ku Mahlasela. Palibe katswiri amene anganene zimenezo miyezi iwiri isanakwane, ndipo amene akukulonjezani zotero pa WhatsApp akungokunamizani.

Chifukwa chake n'chakuti ku Lesotho nyengo yozizira ndi nyengo yopanda mvula. Mvula yambiri imagwa kuyambira Okutobala mpaka Epulo, ndipo Juni ndi Julayi ndi miyezi youma kwambiri. Chipale chachilengedwe chimabwera ndi mikuntho yowerengeka chabe. Chaka china mikuntho iwiri ikuluikulu imakwirira mapiri kwa masabata, chaka china imalambalala n'kukathera kunyanja. Kusiyana kwa zaka ziwirizi kumadalira njira imene mkuntho umodzi wadzera, ndipo njirayo imadziwika patatsala masiku ochepa.

Anthu akwathu amafunsanso za El Niño ndi La Niña, popeza tonse tikukumbukira chilala cha 2015/16 ndi cha 2023/24. Zimenezi zimakhudza kwambiri mvula ya dzinja, ya nthawi yolima. M'miyezi yozizira mphamvu yake pamapiri amenewa ndi yochepa, moti simungaimike ulendo pa nkhani ya El Niño.

Pa ulosi wa miyezi itatu, chothandiza kwa wochita ski ndi gawo lonena za kuzizira kwa usiku. Ukamanena kuti usiku kuzitentherapo kuposa nthawi zonse, dziwani kuti masabata oyamba a Juni ndi omaliza a Ogasiti ndi okayikitsa, ndipo ndi bwino kusankha masiku a pakati pa nyengo.

Nanga chimagwetsa chipale kumeneko n'chiyani?

Pali zinthu ziwiri. Choyamba ndi cold front, mpweya wozizira wochokera kunyanja za kum'mwera umene umafikira ku Cape Town n'kumasunthira kum'mawa. Umenewu umabweretsa mphepo yamphamvu ndi kuzizira, koma nthawi zambiri ukamafika ku Lesotho umakhala utasiya kale chinyezi chake ku Cape. Kumazizira kwambiri, chipale n'kugwa chochepa kapena osagwa n'komwe.

Chachiwiri ndi cut-off low, ndipo ichi ndicho choyenera kuchiopa. Mpweya wozizira kwambiri wa m'mwamba umapatuka pa njira yake n'kuyamba kuzungulira pamalo amodzi kwa masiku awiri kapena atatu, uku ukukoka chinyezi kuchokera kunyanja ya Indian. Chinyezicho chikakwera mapiri n'kukumana ndi kuzizira, chipale chimagwa chambiri mosalekeza. Cut-off low imakonda kubwera nyengo ikamasintha, cha m'ma Epulo ndi Meyi kapena Seputembala ndi Okutobala, n'chifukwa chake chipale choopsa chimatha kugwa anthu atavula kale majuzi. Pa 20 ndi 21 Seputembala 2024 chinatseka msewu wa N3 pa Van Reenen's Pass, pakati pa Harrismith ndi Ladysmith. Anthu anagona m'magalimoto, m'mabasi ndi m'mathiraki, ndipo panali imfa chifukwa cha kuzizira. Umenewu ndi msewu waukulu wa pakati pa Johannesburg ndi Durban, umene madalaivala akwathu ambiri amadutsa sabata ndi sabata, ndipo malowo ndi otsika kwambiri poyerekeza ndi Mahlasela.

Nthawi zina kuzizira kumafika mpaka ku Gauteng. Ku Johannesburg chipale chinagwa pa 10 Julayi 2023, ndipo chisanagwe chimenecho anthu ankakumbukira cha mu Ogasiti 2012.

Ngati chipale sichinagwe, anthu amatsetsereka pa chiyani?

Pa chipale chopanga ndi makina. Madzi amapopedwa mwamphamvu n'kuwazidwa m'mwamba timadontho ting'onoting'ono, ndipo timaundana tisanafike pansi. Kuti zimenezi zitheke pamafunika kuzizira kwa pafupifupi -2°C kapena -3°C kutsika m'munsi, ndipo mpweya ukakhala wouma ntchitoyo imayenda bwino kwambiri. Apa ndi pamene nyengo youma ya ku Lesotho imathandiza: usiku wopanda mitambo kutentha kumathawa msanga, ndipo makina amagwira ntchito mpaka mbandakucha. Kenako galimoto yapadera imasalaza mtsetse wonse anthu asanafike.

Choncho nyengo yabwino ya ski ku Maloti imadalira mausiku ozizira otsatizana, madzi ndi magetsi, kuposa mitambo. Mdani wake wamkulu ndi mphepo yofunda ndi mvula, zomwe zimasungunula ntchito ya sabata yonse m'masiku awiri. Chipale chopangachi chimakhala cholimba m'mamawa, chimafewa cha m'ma 10 koloko, ndipo masana chimayamba kunyowa. Wophunzira amapeza bwino pakati pa m'mawa ndi masana.

Ulosi wa masiku ochepa ndiziuwerenga bwanji?

Choyamba, onani ulosi wa pamwamba paphiripo, osati wa tauni ya Butha-Buthe kapena Clarens. Pa mamita 1,000 alionse amene mwakwera, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Foni ikamanena kuti m'tauni ndi 8°C, kumtunda kungakhale pa 0°C kapena kutsikirapo. Pamwamba pamapiriwa kuzizira kwa -10°C usiku si kwachilendo.

Chachiwiri, onani mphepo. Kuzizira kwa -2°C kopanda mphepo munthu amakupirira, koma kuzizira komweko ndi mphepo yamphamvu kumalowa m'mafupa, ndipo zingwe zokokera anthu kumtunda zimatha kuimitsidwa.

Chachitatu, tsatirani machenjezo a boma. A South African Weather Service amaika machenjezo awo pa mitundu itatu, yachikasu, yaolenji ndi yofiira, ndi manambala kuyambira 1 mpaka 10. Nambala ikamakwera ndiye kuti chiopsezo pa miyoyo ndi misewu chikukula. Ku Lesotho machenjezo amachokera ku Lesotho Meteorological Services. Ulosi wa masiku atatu ndi wodalirika ndithu, wa sabata umangokupatsani chithunzi, ndipo wopitirira masiku 10 musaukhulupirire kwambiri. Mapu okongola a chipale amene amazungulira pa Facebook masabata awiri mkuntho usanafike amasintha kangapo.

Ndikufuna ndikaone chipale chikugwa. Ndinyamuke tsiku limene alosera?

Ayi, chonde. Tsiku limene chipale chikugwa ndi tsiku loipa kwambiri loyendera. Kuchokera ku chipata cha m'malire cha Caledonspoort, pafupi ndi Fouriesburg, msewu umadutsa Butha-Buthe kenako umakwera Moteng Pass, yokhotakhota komanso yotsetsereka, kufika mamita oposa 2,800. Ndi msewu wa tala, ndipo nyengo ikakhala bwino galimoto wamba imakwera. Koma mumayendanso mathiraki olemera opita kumigodi ya dayamondi ngati wa Letšeng, ndipo thiraki imodzi ikapingasa pa kona, aliyense amaima pomwepo kwa maola ambiri, pamalo opanda sitolo kapena nyumba.

Njira ziwiri ndizo zanzeru. Mungafike tsiku limodzi mkuntho usanayambe, muli ndi malo ogona ndi masiku apadera okhalira ngati msewu utsekedwe. Kapena mungadikire masiku awiri kapena atatu mkuntho utadutsa, msewu utatsegulidwa. Pamenepo mapiri amakhala akadali oyera, kumwamba kuli bwino, ndipo ndi masiku osangalatsa kuposa onse.

Ngakhale chipale chisanagwe, samalani ndi madzi oundana pa tala, makamaka m'makona amene dzuwa silifikako. Saoneka, msewu umangooneka ngati wanyowa. Musakwere kapena kutsika mapiriwa usiku kapena m'mamawa kwambiri. Potsika gwiritsani ntchito giya yaing'ono, chifukwa mabuleki amatentha n'kusiya kugwira. Thirani mafuta okwanira musanayambe kukwera, onetsetsani kuti m'rediyeta muli antifreeze, mankhwala oletsa madzi kuundana, ndipo m'galimoto muzikhala mabulangete, madzi, chakudya ndi tochi. Mukatsekeredwa, khalani m'galimoto. Muziliza injini kwa mphindi zochepa nthawi ndi nthawi, mutaona kaye kuti paipi yotulutsa utsi sinakwiririke.

Sani Pass, yochokera ku Underberg mbali ya KwaZulu-Natal, ndi nkhani ina. Imeneyo imafuna galimoto ya 4x4, ndipo imatsekedwa kawirikawiri chipale chikagwa.

Pa chipata pamafunika mapepala anji?

Lesotho ndi dziko palokha, ndiye pasipoti ndi yofunika, ndipo chilolezo chanu chokhalira ku South Africa chiyenera kukhala chikugwirabe ntchito chifukwa mudzafunika kulowanso pobwerera. Ana atengereni zikalata zawo za kubadwa. Galimoto ikhale ndi mapepala ake, ndipo ngati ndi yahayala kapena yangongole, pamafunika kalata yoilola kutuluka m'dziko. Chipata cha Caledonspoort chimatsekedwa usiku. Ndalama ya ku Lesotho, loti, ndi yofanana mphamvu ndi randi, ndipo randi imalandiridwa paliponse.

Ndivale chiyani? Sindikufuna kuwononga ndalama pa zovala za ulendo umodzi.

Chijasi chimodzi chachikulu sichiposa zovala zitatu zosanjikiza. Mkati valani chothina chimene sichisunga thukuta, pakati juzi yaubweya kapena fleece, kunja jekete yosalowa mphepo ndi madzi. Jinzi ndi zovala za thonje zisiyeni: zikanyowa siziuma, ndipo zimakoka kutentha kwa thupi. Wophunzira amagwa kambirimbiri, ndiye thalauza yosalowa madzi ndi magolovesi osalowa madzi ndi zofunika kuposa china chilichonse. Onjezani chipewa chophimba makutu, masokosi okhuthala ndi ena apadera osinthira. Ma ski, nsapato zake ndi chisoti amabwereketsa komweko.

Yang'anani mmene abusa a ziweto a kumapiriko amavalira: bulangete lolemera la Chisotho, chipewa chophimba nkhope yonse kungosiya maso, ndi majombo. Iwo amakhala kumtunda masiku onse, ndipo chipale chimene ife timakachijambula chimawaphera nkhosa, nthawi zina n'kuwatsekera m'makola a kutali kwa masiku. Mukafuna kuwajambula pemphani kaye, ndipo muwapatse ulemu monga eni dera.

Kodi thupi limavutika ndi chiyani kumtunda kumeneko?

Choyamba ndi kuchepa kwa mpweya. Kupitirira mamita 2,500 anthu ena amamva mutu, nseru, chizungulire ndi kusowa tulo. Wochokera ku Johannesburg, komwe kuli pamwamba mamita pafupifupi 1,750, amazolowera msanga kuposa wochokera ku Durban m'mphepete mwa nyanja. Tsiku loyamba yendani pang'onopang'ono, imwani madzi ambiri, ndipo mowa uyambe wadikira. Mutu ukamakulirakulira, kapena munthu akayamba kubanika atangokhala, atsike naye kumunsi. Amene ali ndi vuto la mtima, la mapapo kapena matenda a sickle cell, komanso amayi oyembekezera, ayambe aonana ndi dokotala.

Chachiwiri ndi dzuwa. Ambirife timaganiza kuti khungu lakuda silipsa, koma kumtunda dzuwa limaluma kwambiri, ndipo chipale chatsopano chimabweza pafupifupi 80 peresenti ya cheza chake choopsa. Maso ndi amene amavutika msanga: amafiira, amatuluka misozi, munthu osatha kuyang'ana kuwala. Magalasi a dzuwa ndi ofunika kwa aliyense, ana omwe. Milomo ndi nkhope muzidzola mafuta oteteza ku dzuwa.

Chachitatu ndi kuzizidwa koopsa, pamene kutentha kwa thupi kumatsika pansi pa 35°C. Munthu amayamba ndi kunjenjemera, kenako amalankhula zosamveka, amapunthwapunthwa ndiponso amafuna kugona. Akasiya kunjenjemera koma akadali pozizira, zafika poipa. Muvuleni zonyowa, mufunditseni, mum'patse chakumwa chofunda cha shuga ngati akutha kumeza, ndipo itanani thandizo. Musam'patse mowa: umam'pangitsa kumva kufunda pamene thupi likutaya kutentha. Ana aang'ono amazizidwa msanga ndipo sanena, ndiye muziwagwira manja ndi mapazi pafupipafupi.

Chomaliza ndichitchule mwamphamvu chifukwa chimatipha ngakhale m'zipinda za ku Joni. Musagone ndi mbaula ya makala kapena chitofu cha gasi m'chipinda chotseka kapena mu tenti. Utsi wake wakupha sununkha, ndipo munthu amangogona osadzukanso.

Sindinachitepo ski. Kodi ndingaphunzire pa masiku awiri?

Mungaphunzire kuima, kuchepetsa liwiro ndi kukhota pamtsetse waung'ono. Lipirani mphunzitsi tsiku loyamba, musadalire mnzanu amene anapitako kamodzi. Amene sakufuna ski angathe kutsetsereka atakhala pa kathabwa ka pulasitiki kapena pa chubu, ndipo ana amakonda zimenezo kwambiri.

Nanga okwera mapiri, nyengo yozizira ndi yabwino kwa iwo?

Ndi yabwino kwambiri, bola muilemekeze. M'dzinja mapiri a Drakensberg amakhala ndi mabingu ndi ziphaliwali pafupifupi masana alionse, pamene mu Juni ndi Julayi kumakhala bata kwa masiku ambiri ndipo munthu amaona kutali. Ulendo wotchuka ndi wokwera pa Sentinel kudzera pa makwerero a unyolo mpaka pamwamba pa phompho lalikulu lotchedwa Amphitheatre, pamene mathithi a Tugela amagwa mamita oposa 900, ndipo nyengo yozizira mbali yake ya kumtunda imaundana. Ku Lesotho kuli Thabana Ntlenyana, nsonga ya mamita 3,482, yaitali kuposa zonse kum'mwera kwa Africa, komanso mathithi a Maletsunyane ku Semonkong, a mamita 192.

Zovuta zake ndi izi. Masana ndi aafupi, mdima umagwa 5 koloko itangodutsa, ndipo dzuwa likangolowa kuzizira kumabwera nthawi yomweyo. Makwerero a unyolo amaterera akaundana. Chifunga chikatsika pamwamba pa phiri pamalo athyathyathya, njira imasowa ndipo maphompho ali pafupi. Mu Ogasiti kumabwera mphepo yotentha ndi youma yotsika m'mapiri, imene imafalitsa moto wolusa, ndipo kawirikawiri imakhala chizindikiro chakuti cold front ili m'njira. Musanayambe kukwera lembani mayina, njira yanu ndi tsiku lobwerera m'buku la pa geti. Opulumutsa anthu amayambira m'buku limenelo. Musapite nokha, ndipo ulendo woyamba tengani wolondolera wa m'deralo.

Sapitwa, nsonga ya phiri la Mulanje, ndi yaitali mamita 3,002. Bwanji ku Mulanje sikugwa chipale ngati ku Lesotho?

Kutalika n'kofanana ndithu ndi kwa Afriski, koma Mulanje ili pafupi kwambiri ndi equator, pa madigiri pafupifupi 16 kum'mwera, pamene Maloti ili pa madigiri pafupifupi 29. Mpweya wozizira wa kum'mwera ukamafika kwathu umakhala utafunda ndipo umabwera ngati chiperoni, ndi mitambo yotsika ndi mvula yowaza. Chisanu chokha chimagwa pamwamba pa Mulanje ndi pa Nyika mu Juni ndi Julayi, madzi n'kuundana m'mamawa. Amene anagonapo m'nyumba za paphiri la Mulanje nthawi imeneyi ali ndi poyambira, koma awonjezere zovala, chifukwa ku Maloti kuzizira ndi mphepo n'zoposa pamenepo.

Ndili ku Cape Town. Kodi mpaka ndipite ku Lesotho?

Ngati cholinga n'kungoona chipale, ayi. Ku Western Cape mvula imagwa nyengo yozizira, ndiye cold front yamphamvu ikadutsa, mapiri a ku Ceres, makamaka Matroosberg, amayera. Chimasungunuka msanga, choncho pitani tsiku lotsatira kapena linzakelo.

Ndalipira kale malo ogona, koma chenjezo la chipale chambiri latuluka. Ndichite chiyani?

Imbirani eni malowo tsiku lomwelo muwafunse zinthu ziwiri: mmene msewu wa Moteng ulili, komanso ngati angakusinthireni masiku. Iwo ali pamwamba pomwepo ndipo amadziwa za msewu kuposa foni yanu. Ngati mungathe kunyamuka tsiku limodzi msanga, nyamukani, mutatenga mankhwala anu a masiku owonjezera ndiponso mutawauza akuntchito kuti mwina muchedwa kubwerera. Ngati simungathe, ndipo chenjezo lafika pa laolenji kapena lofiira, gonani kumunsi ku Clarens, Fouriesburg kapena Butha-Buthe mpaka apolisi atsegule msewu. Ulendo wotsatira, musanalipire funsani malamulo awo osinthira masiku nyengo ikaipa, ndipo muwapemphe akulembereni yankholo.